Kakhadi Kamene Kanaziziritsa Tiyi pa Boda

Amene akuti laputopu yangayi ndi yochedwa aimirire ndimuone nkhope. Iwe wa jekete lachikopa iwe, wotchi yakoyo waiyang'ana mpaka yachita manyazi. Ukuti ku Limbe amathira nyimbo m'fulashi msanga? Limbe ili uko, nyamuka, ukafike ndi thiraki yako yomwe mapepala ake akadali m'khwapa mwa ejenti wa kasitomu. Khalani pansi akuluakulu, benchi ndi laulere. Inu mwangoona kamzere kobiriwira aka kakukwawa pa sikirini ndiye mwayamba kunyoza, simudziwa kuti makina omwewa, amene batire lake ndimamanga ndi mphira, anathamangapo liwiro limene Mwanza yense sanalionepo, ndipo amene anawagwira miyendo ndine ndemwe, Lufeyo wa kwa Nthache. Ndikanama, mphezi indipeze pano dzuwa likuswa mtengo.

Anali masiku aja mafuta ankavuta, mathanki atandandalika kuchokera pa geti la boda mpaka kukhota uko. Ine ndinali pakhonde lomwe lino, ntchito yanga yomweyi yothira nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi a madalaivala, ndipo mkazi wanga Nangozo, uyo akukupiza mbaula apoyo, anali pamalo pake ndi ketulo ya tiyi ndi beseni la mandasi. Dalaivala ankabwera, n'kundipatsa fulashi, ine n'kuilowetsa, kamzere n'kuyamba ulendo wake, iye n'kukhala pa benchi, Nangozo n'kumuthirira tiyi, ine n'kumayamba kumufotokozera za dziko. Tinkakhala choncho, ndipo tiyi ameneyo ndi amene anaphunzitsa Tereza wathu mpaka kumaliza sekondale.

Kuchedwa kokhako, sindikana, kunalipo. Panali dalaivala wina wa ku Tete, dzina lake Alifonso, munthu wamfupi wopsa mtima ngati tsabola wa kambuzi, amene anandipatsa fulashi atangometa kumene, koma pamene filimu yake inkamaliza kulowa n'kuti ndevu zikumugwera m'kapu. Anangoti, "Amigo, ichi si makina, ichi ndi nkhono." Atabwera ulendo wotsatira kuchokera ku Joni anaponya patebulo kakhadi kaphanthiphanthi, kachitsulo, kotalika ngati chala changa chapakatichi, kumapeto kwake kuli timabowo tiwiri ta mkati mwa buluu. Akuti lowetsa m'nthiti mwa laputopu. Ndiyang'ane m'mbalimo, zoona, muli kampata kotsekedwa ndi kapulasitiki kakuda, kamene zaka zonsezo ndinkayesa ndi kokometsera chabe. Ndinasolola kapulasitikiko n'kukaponya m'thumba la malaya, m'kampatamo munatuluka mphemvu ndi mkazi wake ndi ana ndi apongozi, ndipo ndinakankhiramo kakhadi kaja mpaka kanati thi!

Mukumva? Alifonso anatulutsa fulashi yake ya lilime la buluu, ndinaibaya pa kabowo ka buluu, chala changa chisanafike n'komwe pa batani, laputopu inabangula ngati thiraki ikukwera phiri ndi simenti, tebulo linasuntha, chipewa changa chinauluka n'kukatera pamutu pa wosintha ndalama wina kutsidya ku Zobue amene mpaka lero amachivala, ndipo nyimbo zonse zinali zitalowa kale. Titaziika m'wailesi ya m'thiraki kuti tiyese, oimba onse ankapuma wefuwefu. Kwaya ina ya chipani cha amayi inafika yopanda a besi, chifukwa anali amuna awiri onenepa amene sanapirire liwirolo, anadzalowa m'fulashi mawa lake thukuta lili kamukamu, akupepesa.

Ukuseka? Seka, mano ndi ako. Ine ndinaona ndi maso angawa mpira umene ndinakopera ejenti wina, mpirawo unafika m'fulashi osewera asanafike, unadzimwetsa wokha zigoli, pamene goloboyi ankalowa anapeza anthu akutuluka m'bwalo. Ndinaona filimu ya karate imene wachifwamba wake anaterereka pokhota kabowo n'kuthyoka mwendo, filimu yonse anaimenya akutsimphina. Mayi wina wa ku boma anabweretsa zithunzi za ukwati wa mwana wake kuti ndimusamutsire, zithunzizo zinadutsa ndi mphepo yoti mawigi onse anatsalira m'laputopu, akuchikazi onse anafika mitu ili mbee, ndipo ndinatha tsiku lathunthu ndikutola mawigi ndi kuwabwezera, mwatsoka ina ndinaveka ankhoswe aamuna, koma anthu akuti imawakhala.

Nanga ulaliki uja? Mnyamata wina anajambula maliro kwa Kanduku, kumene m'busa wake akagwira Baibulo mbuzi zimapita kubusa n'kubwerako iye akadali pa mawu oyamba. Ndinaudutsitsa ulalikiwo pa kabowo ka buluu, unatuluka uli mawu awiri okha, moni ndi ameni. Mbiri itamveka, akuluampingo anatsika phiri wapansi, atavala masuti, kudzandipempha mwaulemu kuti ngati n'kotheka ndidutsitsepo m'busayo mwini wake. Ndinawakaniza chifukwa cha mimba yake, kabowoko n'kakang'ono.

Zinafika poti dalaivala akadali kutsidya, akungoganiza mumtima kuti ndikafika kwa Lufeyo ndikathiritse nyimbo zakuti, fulashi m'thumba mwake inkayamba kutentha, pofika pano n'kuti itadzaza. Ankangotsitsa galasi, kundikwezera chala, n'kudutsa. Anthu anayamba kunditchula kuti injiniya. Ine mapewa anakwera mpaka kugunda makutu, ndinagula tayi, ndinayamba kuyankha moni ndi mphuno. Chakomachakoma pusi anagwa chagada, akuluakulu, ndipo ine ndinagwa anthu akuona.

Poyamba sindinazindikire. Munthu ankabwera, ndikuti nditsegule pakamwa kuti, "Tsiku lina ine," iye watenga kale fulashi yake, ali uko. Wina abwere, "Tsiku lina," wapita. Nkhani zinayamba kundiunjikana m'mimba, mimba inatupa, lamba anaduka, ndinkati ndikageya pankatuluka theka la nkhani ya ng'ona ya mu Mkulumadzi. Benchi ili mwakhalirali linamera udzu, nkhuku inaikirapo mazira n'kuswa, anapiye anakula n'kuikiranso pomwepo osasokonezedwa ndi thako la munthu. Ndipo tiyi wa Nangozo anazizira. Anazizira mpaka ogulitsa mafirizesi anayamba kudzapempha kuti aziika katundu wawo m'ketulo. Mandasi anauma gwa, moti Alifonso yemweyo, wopanda manyazi, anadzagula awiri n'kutchingira matayala a thanki pamtsetse, ndipo thankiyo sinasunthe.

Inu mukuseka za mandasi, koma ine sindinaseke. Mkazi amene uja ankadzuka kukanda ufa, kuyatsa makala, kukazinga, n'kukhala tsiku lonse akuyang'ana madalaivala akumudutsa ngati chitsa, madzulo n'kusenza beseni lodzaza momwe analibweretsera. Amene munakwatira mukudziwa kuti mkazi zikamufika pamenepo ndiye kuti mlandu ukuphikidwa. Tsiku lina m'mawa anazimitsa mbaula, anakhuthula ketulo pansi, anamanga zonse m'chitenje, n'kuitana wa kabaza.

"Bambo a Tereza," akutero, "mwapeza mkazi wachangu wa maso a buluu. Akuphikireni yemweyo. Ine ndikupita kwathu kwa Kanduku, kumene anthu amakhala pansi akamamwa tiyi."

Ndinayesa kunena kuti mayi, ichi n'chitukuko. Anandiyang'ana kuyambira pa tayi mpaka ku nsapato, n'kukwera njinga, mbaula kumbuyo, ketulo pamiyendo. Pamenepo ndinachita mantha, sindibisa. Ndinaona khonde lino lopanda utsi wake, ndinaona ukalamba wanga ndili ndekha ndi makina osadziwa kuseka nkhani ya munthu, ndipo mtima unandiwawa kuposa tsiku limene ndinalumidwa ndi njuchi za mng'oma wathunthu. Mkazi amene anandilola ndilibe ngakhale njinga, ndimutaye chifukwa cha kachitsulo kochokera ku Joni?

Ndinagwira kakhadi kaja kuti ndikasolole. Kanakana. Mukumva? Kanali katamera mizu. Ndinakoka ndi pulayala, pulayala inawongoka n'kusanduka supuni. Ndinamangirira chingwe ku thanki ya Alifonso, ine n'kukumbatira laputopu miyendo nditaponda chipilala ichi, iye anaponda moto, matayala anazungulira pamalo amodzi mpaka phula linasungunuka, ndiye dzenje lija mumalitukwana pokhota apo, muzitukwana Alifonso osati boma. Chingwe chinaduka. Ndiyang'ane kumtunda, njinga ya Nangozo yatsala kadontho paphiri. Basi ndinavula tayi, ndinapempha mizimu ya kwa Nthache, ndinaluma kakhadiko ndi mano, ndinakoka, maso anatuluka, khosi linatalika, dzino ili mukuona palibeli linathothoka n'kukaboola chikwangwani cha sitolo ya tsidya ilo, ndipo kakhadi kanati phwa!

Ndiye mumayesa liwiro lonse lija linapita kuti? Linayamba kubwerera m'kampata muja, mphepo yake ikukoka chilichonse, manachesi a m'boma lonse la Mwanza anagwa m'mitengo atasendeka kale, mathiraki amene anawoloka m'mawa anabwerera chafutambuyo kudzaima pamzere, ma ejenti analira ndi chimwemwe, ndipo njinga ija inatsika phiri chambuyo, wakabaza akupalasa kupita kutsogolo koma akubwera kuno, kudutsa pamsika, kudutsa pa sitolo, mpaka inadzaima pakhonde pano, Nangozo ali chikhalire, ketulo pamiyendo, duku lokha litapendekeka. Sanadabwe n'komwe. Anatambasula dzanja.

"Bweretsani."

Ndinamuikira kakhadiko m'manja, magazi akundichucha m'kamwa. Anamanga pa mfundo ya chitenje chake, anayatsanso mbaula, ndipo dalaivala woyamba amene anakhala pa benchi tsiku limenelo anamwa tiyi mpaka anaiwala kumene ankapita. Ine ndinamukhuthulira nkhani zonse zinandiunjikana zija, mimba inaphwa, lamba ndinaboolanso. Kuyambira pamenepo kamzere kamayenda mwaulemu, monga mukukaoneramu, ndipo mfundo ija ikadali pa chitenje chake. Yang'anani, iyo ikulendewera m'chiuno. Akachapa amamasula, akayanika amamanganso, ngakhale kutchalitchi amapita nayo kuopa kuti ndingakabe.

Ndiye iwe wa jekete, ukamati laputopu ya Lufeyo ndi yochedwa, uzidziwa kuti ukunyoza ukwati wa munthu. Ukuthamangira kuti? Ejenti wako ndamuona akudya chipisi kuseri uko, mapepala ako wakhalira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukuti chiyani? Ukuti bwanji m'mbali mwa laputopumu mwatuluka kanthu komatidwa ndi tepi yakuda, ndipo fulashi yako ndaibaya pomwepo?

Maso akowo adzakuphetsa. Sendera kuno, nonse senderani, tsitsani mitu. Nangozo wapita kukatunga madzi kuseri? Chabwino. Kakhadi kaja sikanatuluke. Thanki inalephera, dzino linapita pachabe, ndipo ine poona mkazi wabwerera kudzatenga sefa imene anaiwala, ndinapisa m'thumba la malaya n'kupeza kapulasitiki kakuda kotsekera kampata kaja. Ndi kamene wakhala akukalondera pa chitenje zaka zonsezi. Kamzere kobiriwira mukukayang'anaka ndi kafilimu, ndinakajambula ndekha, kakafika kumapeto ndimakabwezera poyambira. Fulashi yako inadzaza usanakhale n'komwe pansi.

Usandiyang'ane choncho, zina zonse ndanenazi n'zoona, mawigi awiri ndikadali nawo m'kabati. Khala pansi! Uyo akubwera ndi ketulo. Ukandiululira, ukakhala nkhoswe ndiwe, ukakwera wekha phiri la kwa Kanduku ndi jekete lakolo. Yang'ana pa sikirini, kwinya nkhope, dandaula mokweza kuti makinawa ndi nkhono.

Eya, mayi a Tereza, mwamva nokha mmene akundinyozera anthuwa. Athirireni tiyi wina, akadali pano mpaka dzuwa lipendeke.