Sabata Imene Ndinagwetsa Mlonda wa Anamapopa

Lolemba

Bambo a Tari ayamba tchuthi lero. Sabata yathunthu osaponda ku fakitale. Anachipempha okha, ndipo chifukwa chake n'chomveka: denga la khitchini. Mphepo ya mwezi watha inanyamula malata awiri n'kukawapinda m'munda wa tiyi, ndipo mvula yayandikira. Malata atsopano tinagula. Atsamira khoma kuseri kwa nyumba, nkhuku zikubisalamo dzuwa.

Ndaweruka kothyola tiyi, malata ali pomwe paja. Mwini tchuthi ali pamkeka kutsogolo kwa TV, lilime panja.

Wolakwa ndi mlamu wanga wa ku Joni. Watumiza pa basi kamakina kakale ka gemu ndi rimoti yake ya mabatani. M'gemumo muli kamnyamata ka lupanga, kakufuna kulowa m'chinyumba chamiyala cha anthu oyamwa magazi. Apongozi anga atamva angoti, "Ndiye anamapopa amenewo. Kwathu ku Mulanje tinkawamva." Apongozi anachoka ku Mulanje ali mtsikana, koma chilichonse choopsa amati chinayambira kwawo.

Kamnyamatako sikanalowebe. Pageti pali mlonda. Nkhalamba yopindika msana, chijasi chofika m'mapazi, chipewa, nyali m'manja, makiyi m'chiuno. Akaliza belu, mileme imatsika ngati mpheta pa mapira, iye n'kukumalizitsa ndi nyali pamutu. Bambo a Tari akhala akufa kwa mlonda ameneyu chifikire kamakinaka. Akafa amati, "Ndinali nditamumaliza," n'kuyambiranso.

Ndafunsa za denga. Yankho: "Ndingothana ndi uyu kaye."

Ndiye ndaganiza. Mlonda akafa, gemu yatha. Gemu ikatha, munthu akwera padenga. Ngati bambo a Tari akulephera, ndimupha ine.

Zida zanga:
zala zothyola tiyi kuyambira ndili namwali,
mkwiyo wa munthu wophika akuona mitambo,
batani sindikudziwa ngakhale limodzi.

Lachiwiri

Ndawatuma kusitolo ya kumsewu akagule misomali ya malata. Atuluka akukoka miyendo. Nyemba pamoto, rimoti m'manja.

Kamnyamata kayenda chammbuyo, kagwera mumtsinje. Ndafa mlonda ndisanamuone n'komwe. Ndayambanso. Kadumpha pamalo amodzi ngati chule, mileme yakadya. Ndafanso.

Apongozi akoka mpando, akhala pambali panga. "Make Tari, mwana wa eni mukumuyendetsa ngati wachokera kumowa."

Pang'onopang'ono zala zayamba kumva. Batani lofiira ndi lupanga, lam'munsi ndi kudumpha. Ndipo ndazindikira chinthu: imeneyi ndi ntchito yanga yomwe ija. Diso patsogolo, zala zikugwira zokha, masamba awiri ndi nsonga, kutaya kumsana, kwina. Mileme ndikuithyola ngati nsonga za tiyi. Ndafika kwa mlonda, ndamukwapula kamodzi, chipewa chake chagwa. Ali ndi dazi!

Bambo a Tari chiyambire dazi limeneli sanalionepo.

Kenako wandipha ndi nyali. Zilibe kanthu.

Nyemba zapserera. Ubwino wa khitchini yobooka denga ndi woti utsi sukhalitsa.

Bambo a Tari abwera chimanjamanja. Akuti anakumana ndi anyamata a ku fakitale, anaima kufunsa nzeru za mlonda, pofika kusitolo anapeza atatseka. Ndafunsa kuti anyamatawo awauza zotani. Asintha nkhani. Nkhope yagwa. Adya nyemba zopserera osadandaula, ine sindinatchule misomali. Aliyense akudabwa ndi ulemu wa mnzake.

Lachitatu

Nkhungu m'mawa, dengu kumsana, manja akuuluka. Ndikatseka maso ndikuona mileme. Pasikelo kapitawo wayang'ana dengu langa, wayang'ana ine. "Nhasi madyei, mai Tari?" Akufunsa m'chinenero cha kuno chimene ndadya. Ndamuuza zoona: nyemba zopserera.

Kumpope masana, amayi andisiyira malo msanga kuposa masiku onse. Ena asuntha zidebe zawo. Mai Mlambo, neba wathu, amene amatsogolera mapemphero a amayi, andikokera pambali. Akulankhula nane koma maso ali pakhosi panga. Akuti amva kuti kwathu kwalowa oyamwa magazi.

Gwero lake ndi apongozi. M'mawa auza anthu pampope pomwepo, m'Chinyanja chawo chakale chija chimene a kuno amamva theka: "Mpongozi wanga akulimbana ndi anamapopa m'nyumba. Dzulo wafa kambirimbiri, koma amadzuka."

Ndayesa kufotokoza. Mai Mlambo andisisita paphewa. Mapemphero a mawa akhala kwathu, atero, nkhani yatha.

Madzulo bambo a Tari apita kukasamba, ine ndagwira rimoti. Abwera thaulo pakhosi, apeza mlonda ali ndi dazi panja. "Wagwetsa chipewa ndani?" Apongozi andiloza ndi mlomo.

Aseka mpaka kukhala pansi. "Make Tari, izi si zothyola masamba. Inu mukamupha ameneyu, ine mawa lake ndikwera padenga tambala asanalire."

Mboni: mayi awo omwe.

Koma mboniyo yayamba kukondera. "Kodi munthuyu walakwa chiyani? Ali pantchito. Mwana wanuyo ndiye akufuna kulowa kwa eni opanda odi." Malemu apongozi anga aamuna anali mlonda kunyumba ya bwana wamkulu wa esiteti, pamwamba pa phiri paja, chijasi chonga chomwechi. Apongozi aloza TV: "Taonani. Akaliza belu amacheukira ku zenera lam'mwamba. Abambo a uyu ankatero. Kuimba wisilo, n'kucheuka kuona ngati bwana wamva. Bwana ali mtulo."

Ndayang'anitsitsa. N'zoona. Amacheuka, ndipo akacheuka nyali imatsika.

Ndasunga mumtima. Mawa.

Lachinayi

Amayi a mapemphero abwera. Mabulauzi oyera, mipango kumutu, mabuku a nyimbo. Pabalaza padzaza, ena pakhonde. Bambo a Tari athawira kuchipinda, chitseko asiya chotsegula pang'ono.

Ndaona kuti kufotokoza ndi pakamwa sikuthandiza. Nyimbo yoyamba itatha ndayatsa TV.

Mphezi, chinyumba chakuda, mileme. Mayi wina wagwira buku lake pachifuwa. Mai Mlambo ayamba pemphero, diso limodzi lotseka, lina pa TV. Kenako aona kuti kamnyamata kali ndi mtanda pakhosi. Pemphero laima pakati. "Ndewedu uyu," atero, kutanthauza kuti ndi wathu. "Mai Tari, m'thandizeni mwanayo."

Ndafa koyamba, amayi onse abuula ngati pamaliro. Ndadzuka, aomba m'manja. Wina wayambitsa nyimbo yankhondo ija timaimba pa chitsitsimutso. Ine zala zikungogwira ntchito. Chipewa pansi. Mileme pansi. Mlonda wagwira chingwe cha belu, waliza, wacheukira ku zenera.

Lupanga. Lupanga. Lupanga.

Wagwada. Nyali yagubuduka.

Ndamupha! Ine, wa dengu kumsana, pamaso pa mpingo!

Nthungululu mpaka agalu a m'komboni ayankha. Mai Mlambo andikumbatira, andivundula mpango.

Phokoso litachepa taona kuti mlonda akukwawa, wagwira chitsulo cha geti, akulankhula Chingerezi chapakhosi. Bambo a Tari atuluka kuchipinda osadziwa kuti atuluka. Amasulira motsitsa: "Akuti, bwana, geti ndaligwira mpaka mphamvu zandithera." Zenera lam'mwamba lili bii. Palibe wasuzumira.

Apongozi adzuka, ati akukaona nkhuku.

Geti latseguka. Ndikudikira mawu oti gemu yatha. M'malo mwake patuluka chithunzi cha chinyumba chonse, zipinda ngati malesa a njuchi, ife tili kadontho pansi penipeni. Pamwamba pali bokosi la maliro momwe mwini nyumba akugona.

Bambo a Tari akanda m'mutu. "Ameneyu anali woyamba chabe. Ndi zimene anandiuza anyamata aja. Akuti ana a sukulu amamudutsa akutafuna nzimbe."

Ana a sukulu achite zawo. Lero ngwazi ya komboni ino ndine.

Lachisanu

Tambala walira, waliranso, wapita kukadya. Koma munthu wakwera. Ndapita kumunda ndikumva nyundo kumbuyo kwanga, nyimbo yokoma kuposa ya dzulo.

M'mizere ya tiyi andipatsa dzina: Mai Namapopa. Kapitawo wafunsa ngati ndingaphunzitse akazi ake.

Pobwera, khitchini ndi makoma anayi ndi thambo. Bambo a Tari apeza kuti mapaso ena adyedwa ndi chiswe, ndiye achotsa malata onse, akale omwe, kuti akhome bwino kamodzin'kamodzi. Mapaso asintha, ntchito yooneka ndithu. Atatha m'pamene akumbukira kuti misomali kulibe. Yakale yapindika ngati mbedza. Kusitolo ya kumsewu yatha. "Mawa ndilawirira kutauni, ku Chipinge."

Ndimayenera kukalipa. Ndangoti chabwino, chifukwa rimoti inali kale m'manja.

M'chinyumbamo ndadutsa:
chipinda cha zithunzi zotsatira munthu ndi maso,
makwerero ogumuka ukangoponda,
mkazi wotumbuluka woimba limba, amene wandipha ndisanamupatse moni.

Kenako ndatsikira kunsi, kumoto wotenthetsa nyumba. Ndipo ndani uyo? Mlonda. Wamoyo. Antchito a anamapopa saafa, akuti. Koma chijasi amulanda, makiyi amulanda, wasenza mtolo wa nkhuni akuponya m'ng'anjo. Sakumenya munthu. Ndikadutsa amangong'ung'udza.

Bambo a Tari, amene ku fakitale ntchito yawo ndi kuponya nkhuni m'boila, ayang'ana nthawi yaitali. "Amupatsa ntchito yanga."

Apongozi: "Mwamutsitsitsa udindo, make Tari. Munthu wamkulu ngati ameneyu."

Ndamulambalala bwinobwino, lupanga pansi.

Loweruka

Alawirira kutauni pa kombi yoyamba, kabasi kakang'ono kaja. Ine kuchapa, kusesa, kuyanika. Kwatentha modabwitsa. Cha ku nkhalango ya Chirinda mitambo yaunjikana, yakuda kunsi. Ndaiona. Ndilembe kuti ndaiona.

Abwera masana ndi thumba. Misomali ilimo, yeniyeni, ya zipewa. Pansi pake pali china chokulungidwa m'nyuzipepala: rimoti yachiwiri, yogula pamsika, batani limodzi lomata ndi selotepi. "Akuti anthu awiri angathe kumenya limodzi," atero, akuyang'ana pansi ngati mnyamata wofunsira mbeta.

Makwerero ali pakhoma. Nyundo ili pomwepo. Dzuwa likadalipo.

Amene wanena kuti "tingoyesa kamodzi, tione ngati ikugwira" ndine.

Ikugwira. Iwo atenga chimunthu cha nkhwangwa, choyenda pang'onopang'ono ngati iwo omwe. "Tsogolani inu, make Tari, ine ndikutchingirani kumbuyo." Mkazi wa limba uja tamuzungulira, ine kutsogolo, iwo kumsana, wasanduka utsi. Tawombana m'manja. Chipitire Tari kusukulu yogonera konko, nyumba ino sinamvepo kuseka kotere.

Bingu lagunda. Tati ndi la m'gemu, muja limagunda nthawi zonse. Lagundanso.

Apongozi ali pakhomo: "Mvula iyi si ya mu TV."

Liwiro. Ine thumba la ufa, iwo mbaula ndi mapoto. Mchere wasungunuka, nkhuni zanyowa, phulusa lasanduka phala. Magetsi azima. Taima pakati pa khitchini, beseni limodzi pamitu iwiri, madzi m'akakolo. Bambo a Tari ayang'ana kumwamba: "Koma mapaso ndawongola bwino." Ndaseka mpaka ufa ndikanauponya.

Lamulungu

Yagwa mpaka m'mawa. Tiyi ndaphikira pakhonde, makala obwereka.

Kutchalitchi Mai Mlambo apereka umboni kuti mdani anagonja m'nyumba ya mai Tari iwo akuona ndi maso. Abusa ati ameni mosatsimikiza. Anthu andigwira chanza potuluka. Sindinakonze nkhaniyo.

Za denga: lero ndi Lamulungu, malata akuterera, ndipo mitambo yayambanso. Takoka lona la a Mlambo pamwamba pa mapaso, tatsendereza ndi njerwa. Pakati latsika kale ngati mimba ya ng'ombe. Mawa tchuthi chatha. Mvula ikagwa chonchi tiyi amaphuka osadikira munthu, ndiye ine kumunda mpaka madzulo, iwo kuboila. Malata abwerera kuseri, nkhuku zasangalala. Lolemba ndinali ndi denga lobooka. Lero ndili ndi lona ndi dzina.

Magetsi abwera chakumadzulo. Ndatsuka mbale mofulumira kuti ndikaone chili kuseri kwa chipinda cha limba. Ndapeza pampando panga pali apongozi, rimoti pachilolo, akudina ndi chala chimodzi. Sabata yonse amangoonera, kani amaphunzira. Kamnyamata akatulutsa m'chinyumba, akabweza njira yonse imene ndinavutikira, akaimika panja pageti, mumvula.

"Amayi, njira ndi uko, m'kati."

"Ndikudziwa. Geti la eni lili lokha. Aime pamenepa mwanayu, aone mmene imakhalira."

Ndakhala pamkeka. Bambo a Tari abweretsa tiyi, nawonso akhala. Tonse atatu tikuonera kamnyamata kataima. Palibe akubwera. Zenera lam'mwamba lili bii.

Patapita nthawi ndafunsa mwaulemu kuti kaima mpaka liti.

Apongozi apsontha tiyi wawo, rimoti aibisa m'chitenje. "Mlonda amaweruka kukacha."