Msewu Womera Wokha ngati Bowa

Kwa Olemekezeka a Nduna Yoona za Alendo,

Bwana,

Ndikulemba nditagwada, ngakhale mawondo anatha kale ndi kusenza miyala. Ine ndine mkulu uja munamuponda phazi tsiku lodula riboni yotsegulira msewu wathu. Musadandaule, phazilo ndimalinyadira.

Zaka zinayi tinakumba msewu wokwera phiri lathu ndi makasu, mapiki awiri ndi wilibala imodzi yolira ngati nkhumba. Tinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti ngolo izifika kuchipatala. Makalata athu opempha thalakitala munawasunga mosamala kwambiri, moti palibe ngakhale imodzi inadetsedwa ndi yankho. Lero mwatitulukira, ndipo tikuthokoza motere:

1. Zikomo chifukwa cha chikwangwani chokhala ndi nkhope yanu, chonena kuti uwu ndi "msewu wachilengedwe, wosakhudzidwa ndi dzanja la munthu." Tinamuwerengera mlamu wanga, amene chala chake chinatsala pansi pa mwala pa khona yachitatu. Wavomereza kuti simunaname: dzanja lonse silinakhudze, ndi chala chokha.

2. Zikomo chifukwa cha alendo. Amakwera pang'onopang'ono, magalasi ali otseka, akujambula mathithi, mitengo ndi chilichonse chopuma. Mkazi wanga anamujambula akuthamangitsa mbuzi, ndipo tikumva kuti ali pa kalendala muofesi mwanu. Zaka makumi atatu ndakhala naye, sindinadziwe kuti ndinakwatira malo okopa alendo.

3. Koposa zonse, zikomo chifukwa cha lamulo loletsa ngolo pamsewuwu poti ndowe zimaipitsa zithunzi. Ng'ombe tazikhazika pansi n'kuzilangiza, koma ndi zosapita kusukulu, bwana, zimangotiyang'ana zikubzikula. Mlonda amene mwamuika pachipata ndi mnzathu, tinkaswa naye miyala. Amatibweza atayang'ana pansi, poti naye ali ndi ana ofuna kudya. Paja amati mlendo ndi mame, koma mame anuwa sakuuma ngakhale dzuwa lili paliwombo.

Apa nthabwala zandithera. Mwana wanga wamkazi ali ndi pakati, ndipo mwezi wake ndi uno. Mimba yake yoyamba tinamunyamula pa chitseko kudzera njira ya mbuzi, ndipo khanda silinafike kuchipatala lamoyo. Tsiku limenelo ndi limene ndinayamba kugwira piki. Ndili ndi mantha, bwana, ndipo sindikubisa.

Sindingayerekeze kupempha galimoto yanu, ingadetse matayala. Pempho langa ndi laling'ono. Mutitumizire ndandanda ya masiku amene alendo sabwera, yosainidwa ndi kudindidwa bwino, kuti tikamuwerengere mdzukulu wanga ali m'mimbayo asankhepo tsiku lobadwa. Akakana kudikira, mumukhululukire, malamulo a boma sanawaphunzire.

Ine wanu wosayenera kumasula zingwe za nsapato zanu,

Woswa miyala wopuma pantchito