Masipika a Dizilo Sagawidwa

Amene akuti ine Dizilo ndine wabodza ayimirire pompano ndimuone nkhope dzuwa likadali pamutu. Palibe? Mwangoti zyoli nonse. Ndiye khalani choncho, makamaka inu alamu anga a Fulakisoni. Yambani mwatsitsa sipika mwakumbatirayo, muyiimike bwinobwino pa timiyendo take, chifukwa limenelo si thumba la fetereza.

Chigamulo chanu ndachimva. Mlongo wanu Nabanda tamuika, tameta, lero mwandisudzula kuti ndizibwerera kwathu ku Kamwendo, poti mkamwini ndi mlendo ngakhale mano ake onse atathera pamudzi pano. Sindikukana. Mbuzi tengani, njinga tengani, mitengo ya mango ndinabzala ija sindiizula. Koma nzeru mwabwera nazo zakuti masipika ndi awiri, imodzi ipite ndi bambo, imodzi itsale kuchikazi, nzeru zimenezi zandikomola. Anthu achilungamo inu! Nsapato zanga zilinso ziwiri, bwanji simunatengepo yakumanzere? Ndipo alamuwa akuti akaiika pakhonde la golosale yawo pa Mkanda kuti izikaitana ogula sopo. Mukumva? Sipika imeneyi ikaitane ogula sopo!

Inu simukudziwa chimene mwagwira. Ine ndili dalaivala wa thiraki, msewu wa ku Lusaka ndikuudziwa ngati njira ya kudimba, ndinapeza mzungu wokalamba galimoto yake itatitimira m'matope mpaka denga, iye akungoonekera chipewa, mathirakitala a pafamu pake atalephera, ng'ombe zitalephera, ndiye ine ndinangovula lamba wa buluku langa, nkumanga kubampala, dzanja limodzi ndagwira buluku kuti lisagwe, linalo ndakoka, galimoto nkuzuka pamodzi ndi chitsa, mwala ndi ng'ona imene inali itagona pansi pake. Mzungu uja ananditengera kunyumba kwake kuti ndisankhe mphatso. Anati ng'ombe, ndinakana. Anati famu, ndinati ndili nayo kale ya apongozi. Kenaka ndinamva gulu loyimba m'chipinda chochezera, magitala, ng'oma, ndi mayi wa mawu okoma kwabasi, ndipo poti ndinaleredwa bwino ndinavula chipewa, ndinalowa chowerama, nkupereka moni kwa mmodzimmodzi. Nditadzutsa mutu, munalibe munthu. Munali timabokosi tiwiri iti, toonda, tolekeza m'chiuno, titaima tokha pansi. Ndinati ndipatseni masipika amenewa. Mzungu analira, koma mawu anali atatuluka kale.

Pobwera ndinawafunditsa bulangete, nkuwakhazika pampando wakutsogolo, nkuwamanga lamba. Pachipata cha malire bwana wina anasuzumira nati, "Ana awiriwa mapepala awo ali kuti?" Ndinati si ana, bwana, ndi masipika. Anaseka, akuti sipika yeniyeni imakwera ngolo. Ndinangolumikiza ku batire ya thiraki. Mayi uja atayamba kuyimba, bwana uja anadumpha, akuti ndabisa munthu, anafufuza pansi pa mpando, anafufuza kuseri kwa matayala, anatsitsitsa matumba onse a simenti, anasuzumira ndi tochi mu thanki ya mafuta, mzere wa mathiraki nkufika ku Chipata, mapeto ake anatopa, anadinda chiphaso cha mayi wosaonekayo, nkundikokera pambali kundifunsa ngati ali pabanja. Ndikunama? Pitani mukafunse, ngati sanapume pantchito.

Nditafika nawo pano, ndani anayamba kuseka? Inu alamu. Munati ndabwera ndi makola a nkhunda. Paja kwa inu sipika yabwino ndi yaikulu ngati nkhokwe, yolira mpaka malata kuphuphuluka, woyimba osamveka ngati akuyimba kapena akutsamwa. Awa sakuwa ayi. Awa amangonena zoona, ndipo zoona zake nzimene zinasokoneza mudzi uno.

Mukukumbuka chaka chija? Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe, ine ndinaika chimbale chimene mzungu uja anandipatsa, cha mvula yokhayokha, osakweza nkomwe, kungotsegula pang'ono ngati munthu akunong'ona. Nabanda anathamanga kukaanula ufa, nkhuku zinathawira m'khola, achule anatuluka m'ming'alu nkuyamba kwaya, ngumbi zinauluka masanasana ana nkudzaza mabeseni, zovala zimene zinali zitauma pachingwe zinanyowanso, mudzi wonse unatuluka ndi makasu kukabzala m'fumbi, ndipo chimanga chija, pomva mvula chotero, chinakhulupirira nkumera. Mukumva? Chinamera! Ndipo inu alamu munachoka pakhomo pano mutafunda tsamba la nthochi kumutu, mukudumpha zithaphwi zimene panalibe. Musagwedeze mutu, anthu anakuonani.

Nanga za mtedza? Nthawi yokumba itakwana, msana wanga utakana, ndinangotembenuza masipikawa kuti ayang'ane kumunda, nkuika nyimbo ya ng'oma yaikulu. Ng'oma ya m'menemu simveka m'makutu, imayenda pansi. Mtedza unayamba kudumpha wokha m'mizere, kudzikutumula dothi, kudzithothola, kudziswa, makoko uku, njere uku, wonona kulowa m'thumba lake, wofwapa kudzipatula wokha mwamanyazi, ndipo chiswe chimene chinkadya mitengo ya denga langa chinalongedza ana nkusamukira ku Zambia, mpaka lero chikadali komweko. Nyimbo ijanso sinaime. Inadutsa malire yopanda chiphaso, inakagunda mapiri a ku Chipata, inagona konko, nkubwerera mmawa mwake itasintha kalankhulidwe, chitenje chili paphewa, nkundipeza ndikusukusula nkuti, "Bwanji mudala, nabwelako." Nabanda anavala chitenje chimenecho mpaka chinang'ambika.

Mukuseka. Sekani, ndi mano anu. Koma dziwani kuti m'menemu mumamveka chilichonse. Woyimba gitala wina ndinamumva kuti wadya mtedza wokazinga asanayambe kujambula, wang'oma ndinamumva kuti nsapato ikumuthina, ndipo wina anali ndi chifuwa chouma chimene anzake sanachimve, mpaka Nabanda anamuphikira tiyi wa mandimu nkumuikira patsogolo pa sipika. Chimbale chitazungulira kachiwiri, chifuwa chinali chitapola, kapu ili mbee.

Musaganize kuti mlongo wanu anawakonda kuyambira pachiyambi. Ayi ndithu. Ankawatcha akazi anzake. Ankati chiwabweretsereni ndimawapukuta fumbi kawirikawiri kuposa mmene ndimamufunsira ngati wadzuka bwino. Ndikapita ku ulendo ndinkapeza wawakankhira kukhoma, wawaphatikiza pamodzi pakona, wawaveka nsalu zoluka, pamwamba waikapo maluwa apulasitiki ndi chithunzi cha ukwati. Ine kubwera nkuchotsa zonsezo, kuwatalikitsa kukhoma kuti azipuma, wina uku wina uko, onse atapendekera pang'ono kuyang'ana mpando umodzi uwo, ngati ankhoswe awiri akuyang'ana mkwati. Ndinkamuuza kuti ukakhala pakatipo mabokosi amasowa, woyimba amatuluka nkudzaima pamaso pako. Iye ankangoti, "Abambo, mabodza anu mudzawasenza nokha tsiku lachiweruzo." Pampandopo anakana kukhalapo kwa zaka.

Ndiye kunabwera zoti amayi a kwaya ya kutchalitchi kwathu akajambulitse nyimbo ku Boma. Anapita pa lole atavala mayunifolomu, wotsogolera nyimbo ali Nabanda, poti mawu amenewo ngakhale inu alamu simungawakane. Anabwera ndi kafulashi ka nyimbozo atakamanga pamfundo ya chitenje. Anakamvera pa foni, mawu ali ngati udzudzu. Anakamvera pa chisipika chanu chachikulu cha maukwati chija, amayi onse anamveka ngati akukangana pachigayo. Anabwera kunyumba atakhumudwa, akuti anangovutika ulendo.  Ine ndinangopukuta mpando uwo, nkuika kafulashi, nkutuluka panja.

Nditabwerera ndinamupeza wagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu. Anati, "Abambo, mayi wayima apayu ndi ine?" Ndinati ndi inu. Anati, "Ndiye bwanji simunandiuze kuti ndimayimba chonchi?" Kuyambira tsiku limenelo mpando unandichoka. Ine mwini masipika, munthu amene ndinazula galimoto ndi lamba, ndinkamvera nyimbo nditaima pakhomo ngati wobwereka moto. Nsalu zoluka anazichotsa yekha, ndipo mwana aliyense woyandikira timiyendo timeneti ankakumana ndi chikoti. Ngakhale matenda atamugwira, pamene mawu ake enieni anatha nkutsala kunong'ona, ankati ndimunyamule ndimukhazike pamenepo, azimva mmene analili. Zimenezo zinkandiwawa, anthu inu, ndipo zikundiwawabe.

Ndikuona mukuyang'anana, mukuti Dizilo wayambanso. Chabwino. Batire ili ndi moto, dzuwa lachita ntchito yake pa sola ya padenga, ampulifaya ndi iyi, kafulashi kaja ndaika kale. Alamu, khalani pampandopo. Khalani, suluma. Tiyambe ndi chilungamo chanu chija. Ndazula waya wa iyi, yatsala imodzi, gawo lanu la kuchikazi. Mukumva? Ndi nyimbo, inde. Ndi mawu a mlongo wanu, inde. Koma ali kuti? Ali m'bokosi, wapanikizika m'menemo ngati nkhuku ya pa minibasi, amayi a mbali inayo asowa, ndipo ndi zimenezi mukufuna zizikalira pakati pa sopo ndi machesi.

Tsopano ndibwezere waya. Musasunthe mutu, yang'anani pakati, pamene pali kalendalapo. Anthu inu kumbuyoko, khalani chete.

Eee.

Mwavuliranji chipewa, alamu? Mukupereka ulemu kwa yani? Si makola a nkhunda awa? Mwatambasuliranji dzanja, mukufuna kugwira chiyani pamenepo, poti palibe munthu? Mwamumva akukoka mpweya asanakweze mawu, mmene ankachitira muli ana? Amayi a kumanzere awo, a kumanja awo, iye pakati, wayima, wamtali mmene analili asanadwale. Pukutani m'maso, akulu a mpingo salira pagulu.

Za ng'ona ija mukhoza kuchotsapo, mwina inali ng'azi. Mtedza uja mwina tinathandizirako ndi makasu. Chimanga chija, kaya, mwina mvula yeniyeni inadzagwa pambuyo pake, sindinkalondera kumunda ine. Koma uyo wayima apoyo sindinamupeke ine, ndi Nabanda, ndipo amatuluka pokhapokha awiriwa akakhala pamodzi. Kaya apita nane ku Kamwendo, kaya atsala pano ine ndizibwera pa njinga yakabaza kudzapempha mpando, zimenezo weruzani, ndinu eni mbumba. Koma ngati mukuti chilungamo ndi kugawa, musandiuze ine. Mlongo wanu ndi uyo. Dikirani amalize vesi, mumuuze nokha kuti mukumudula pakati, ndipo musankhe mbali imene mukaimike pagolosale.