Mmene Ndinatulutsira Tembo M'manda

Amene akukayika aimirire tsopano, atchule dzina lake ndi la atate ake. Ine ndinaphunzira ku mishoni, kumene wabodza ankalawa ndodo asanamalize chiganizo, ndipo sindingayambe kunama lero ndi imvi izi. Inu anyamata a laputopu mumati mumadziwa magetsi a pasiteji? Khalani bwino, chotsani manja m'matumba.

Chaka chimene mpingo wathu kuno ku Chipata unachita sewero la Pasaka m'holo yaikulu, woyang'anira magetsi ndinali ine. Madesiki, kunena makina oyendetsera magetsiwo, anali awiri: lalikulu, lolamula nyale zonse, ndi lachiwiri, lodikira kuti lalikulu likafa litenge mpando. Lamulo langa linali losapindika. Chimene ndaphunzitsa lalikulu, lachiwiri liphunzirenso tsiku lomwelo, koma lisayankhule mkulu wake ali moyo, pakuti atambala awiri salira m'khola limodzi. Ndiponso asakhale pamodzi, kuopa kuti denga likadontha anganyowe onse. Lalikulu ndinaliika pansi, pafupi ndi khomo, lachiwiri pakhonde la m'mwamba, kutsidya kwa holo.

Sewero linali la masana kuti a kumidzi abwerere kusanade, choncho mazenera tinawatseka ndi matenti a malole. Wosewera Yesu anali Tembo, wokonza mapepala a malole pachipata cha m'malire ku Mwami, munthu wa mphumu koma womvera ngati msilikali. Manda ake anali mabelo a thonje, mwala wotsekera unali matiresi. Ndinamuuza ndi pakamwa panga kuti, “Tembo, usatuluke usanaone kuwala pamng'alu.”

Iye anati, “Ngakhale ndifere momwemo, atate, sindituluka.”

Tsono amayi a chigwirizano ali ndi mwambo wao: tebulo lililonse pa ntchito ya Mulungu liyenera nsalu yoyera ndi maluwa. Ndinakana, ndinakananso, koma mtsogoleri wao ndi mkazi wanga, amake Esinati, ndipo anandifunsa anthu akumva, “Atate ake Esinati, kodi tebulo lanu lokha ndi lachikunja?” Botolo la maluwa, lodzaza madzi, linakhala pamphepete pa desiki lalikulu.

Zonse zinayenda mwadongosolo mpaka Tembo analowa m'manda, matiresi n'kutsekapo. Kenaka inafika nthawi ya chivomezi, pamene mpingo wonse unauzidwa kuponda pansi ndi mapazi, ndipo anthu olima ndi khasu akaponda amapondadi. Botolo linavina, linagwa, desiki linati tsiii, utsi n'kutuluka.

Mukumva? Desiki lalikulu linafa, ndipo ndi maso angawa ndinauona mdima ukudzuka pakhomo, ukudya nyale imodziimodzi, ukuloza kusiteji, uku m'manda mukumveka kamluzu ka pachifuwa cha Tembo, kakucheperachepera ngati mwanapiye wapanikizidwa, iye osatuluka chifukwa analonjeza! Ndinazula chingwe cha desiki lakufalo kuti wakufa asalamule, ndinamanga batani la jekete popeza munthu sathamanga pamaso pa mpingo jekete lili lotsegula, ndipo poona kuti njira yonse yadzaza anthu ndinakwera pamitu, ndikuponda duku ili ndi ilo osakwinya ngakhale limodzi, ndikupepesa mayi aliyense ndi dzina lake, mdima uli kumanzere kwanga ukupuma wefuwefu, mpaka pa benchi ya madikoni ndinaupitirira, ndinaupatsa moni monga mwa ulemu, ndipo popeza pamasitepe panadzaza ana ndinayenda pakhoma ndi nsapato zanga zopolisha osasiya chizindikiro, n'kufika pamwamba msanga kotero kuti chithunzithunzi changa chinandipeza nditakhala kale, ine n'kuchidzudzula chifukwa chochedwa.

Desiki lachiwiri linandizindikira. Ndisanaligwire n'komwe, mabatani ake anali atadzindandalika pamalo a kuwala kwa chiukitso, monga ndinaliphunzitsira. Ndinatambasula dzanja, ndipo nthawi yomweyo magetsi a tauni yonse anathima!

Mukumva? Wina akanakhala pansi n'kulira. Ine ndinaluma chingwe ndi mano anga enieni, amene ndinali nawo masiku amenewo, n'kukumbukira ana onse amene anachedwa m'kalasi langa pa zaka zanga za uphunzitsi, onse ovala shati kunja kwa kabudula, onse otafuna nzimbe pa nthawi ya pemphero, ndipo mkwiyo umene ndinausunga mwakachetechete unatsika m'chingwe, unalowa m'desiki, unathamanga m'nyale zonse, ndipo kunawala, anyamata inu, kunawala kotero kuti ku Kapata anthu anaona mafupa a m'manja mwao, ku Mwami a kasitomu anaona katundu wa m'malole osatsegula chitseko, ku Chipangali mtedza unakazingika uli m'nthaka alimi n'kumangofuna mchere, ndipo m'holo mwathu matiresi aja anagubuduka okha, Tembo anatuluka atayera mbee ndi thonje, anakoka mpweya umodzi wokha umene unavula zipewa za amuna akumbuyo, mpingo wonse n'kuyamba nyimbo wotsogolera asanakweze dzanja. Mphumu ija sinabwererenso. Kamufunseni ku Mwami.

Ndikukuona ukumwetulira, iwe wa kumapetoko. Ndikudziwa chimene unamva. Amake Esinati amauza anthu kuti atamva Tembo akubanika anangokoka tenti ya pazenera la kumadzulo, dzuwa n'kulowa, ndi kuti ine anandipeza nditakodwa pa sitepe yoyamba, chingwe chili kukamwa. Ndi mayi wabwino, sindiwatsutsa pagulu. Koma kawafunseni: anaika manda moyang'anana ndi zenera limenelo ndani? Anasankha ola la sewero ndani? Munthu wadongosolo sakhala ndi madesiki awiri okha. Dzuwa lija linali desiki langa lachitatu, ndipo linafika pa nthawi yake chifukwa linkadziwa kuti ine sindilekerera wochedwa.