Buledi wogona wa Tadala

Lolemba

Tadala akupita ku sekondale yogonera konko Lamulungu likudzali. Fomu 1. Sutikesi tagula, ndowa tagula, dzina talemba pa chilichonse mpaka pa supuni. Mwini wake sakulankhula. Iye ankafuna sukulu yoyendera ya m'tauni momwe muno, kumene kwapita mnzake Chisomo. Yogonera ndinasankha ndine, ndiye kuyambira pamenepo bambo ake ndimangolandira “eya” ndi “ayi”.

Madzulo ndikumufunsa chimene angakonde asanapite. Ine maganizo ali pa nsapato. Akuti: “Fulenchi tositi. Ngati wa kwa a Chisomo.”

Kwa a Chisomo ndi ku Area 12, kumene ngakhale agalu ali ndi dokotala wawo. Chakudyacho akuti ndi buledi woviika m'phala la fulawa, mazira ndi mkaka, kenako n'kumumiza m'mafuta ngati mandasi. Akuwonjezera: “Koma muphike ndinu, adadi.” Akudziwa bwino lomwe kuti kukhitchini ndimapitako kukafunsa ngati tiyi wapsa.

Ndavomera. Loweruka m'mawa. Munthu wa digiri sangagonje kwa buledi.

Lachiwiri

Ku ofesi ntchito ya boma yaima pang'ono, ndikuphunzira pa foni. Zofunika: fulawa, mazira, mkaka, shuga, sinamoni wonunkhiritsa, mafuta odzaza poto. Chachikulu pa zonse: buledi akhale wogona, woumako. Watsopano amamwa phala n'kuphwanyikira m'mafuta.

Sinamoni ndamupeza ku Old Town, m'sitolo yonunkhira ngati kwa sing'anga. Buledi ndagula wosadula, ndadula ndekha mokhuthala, ndayala pa lichero pamwamba pa firiji. Aume mwaulemu.

Amayi anga afika kuchokera kumudzi kudzatsanzikana ndi mdzukulu wawo. Abweretsa mtedza, nkhuku yamoyo ndi malangizo.

Lachitatu

Lichero lili mbee. Amayi akuti: “Wina anaiwala buledi pamtunda, akanauma. Tamwera tiyi, wina ndapatsa alonda.” Zatsala zidutswa zakumapeto zokha, zija m'nyumba muno aliyense amazilumpha. Azibwezera m'chitini cha buledi.

Ndikufotokoza kuti kuumako ndi kumene ndikufuna. Akundiyang'ana ngati akuwerengera chimanga chonse chimene anagulitsa kuti ndiphunzire.

Pobwera kuntchito ndikupatukira pa golosale yapakona kufunsa buledi wadzulo. Mwini golosale wakhumudwa: “Bwana, ife wogona sitigulitsa.” Munthu amene wakhala akundigulitsa wogona kuyambira tsiku limene tinasamukira ku Area 15 kuno. Lero lokha wandipatsa wotentha.

Ndamudula, ndamubisa pamwamba pa wadiropu kuchipinda.

Lachinayi

Nyerere. Mzere wake kuchokera pawindo, kudutsa pa chithunzi cha ukwati wathu, mpaka pa wadiropu. Mayi a Tadala akuti: “Ndiye tafika pogona ndi buledi?” Buledi uja wapita kwa nkhuku ya amayi, imene ikuoneka kuti ikusangalala ndi moyo wa m'tauni. Zakumapeto sindinaziyale, zapulumuka. M'chitini.

Madzulo ndikuyeserera ndi buledi watsopano wa tiyi wamawa. Zotsatira:
phala la mibulu ngati la mwana wosakonda kutakasa;
buledi walowa m'mafuta ali mmodzi, watuluka ali banja;
chithuza pa chala chogwirira cholembera;
utsi mpaka alonda abwera kudzafunsa ngati kuli bwino.

Amayi aima pakhomo, maso ali pa botolo la mafuta: “Onsewo m'poto mmodzi? Kuli chinkhoswe?”

Kumbuyo kwawo kuli Tadala. Pakamwa pake pagwedezeka ngati afuna kuseka, wabweza msanga. Ndaona ndithu. Sabata ino ndi malipiro anga oyamba.

Lachisanu

Nzeru zatsopano: galimoto. Buledi wina ndamuyala pa nyuzipepala pampando wakumbuyo, mawindo otseka, dzuwa la pamalo oimika magalimoto ku City Centre ligwire ntchito. Kulibe nyerere, kulibe amayi.

Poweruka a Nyirenda a ku akaunti apempha kuti ndiwasiye panjira. Atsegula chitseko chakumbuyo kuti aike chikwama, aima, atseka bwinobwino. Potsika akuti: “Achimwene, zikavuta tizinena. Ndife anthu amodzi.”

Koma buledi wauma bwino zedi. Agona m'galimoto momwemo, makiyi ali m'thumba langa.

Amayi tsiku lonse anali pa foni. Akuti angodziwitsa abale kuti mwana akupita. Kungodziwitsa basi.

Loweruka

Ndalawirira. Phala losalala, sinamoni pang'ono, mafuta atentha bwino: kadontho ka phala kakuyandama n'kumavina. Kuviika, kukhetsa, kumiza, kutembenuza. Akutuluka wofiirira, wofufuma, wokukutika kunja. Ine amene! Mbale yaikulu yadzaza, ndawaza shuga pamwamba, ndatuma mayi ake akaitane mwana.

Geti likugogodwa.

Azakhali a ku Kawale. Amalume. Mkulu wa mpingo ndi mayi akunyumba kwawo. Msuweni wina amene ndinamuona komaliza pamaliro. Onse abwera kudzamulangiza mwana ndi kumupempherera, ndipo onse anyamuka kwawo osamwa tiyi kuti amupeze.

Mbale ili patebulo, fungo lafika mpaka pamsewu. Mlendo sungamuuze kuti izi ndi za mwana. Ndayesa kuyang'ana mayi a Tadala, iwo ayang'ana kudenga.

Tadala akuzungulira ndi beseni ndi jagi, kugwada pamaso pa aliyense, kuwasambitsa m'manja. Kenako mbale ija akuinyamula yekha, kuperekera alendo mmodzimmodzi. Ine ndikuwerenga ndi maso mmene ikutsikira.

Mkulu wa mpingo: “Mandasi amakona awa ndi okoma.”
Azakhali: “Aphika ndi abambo? Mayi akudwala?”
Amalume ali pa ntchito yotafuna.

Zatsala ziwiri m'mbale, monga mwa ulemu. Mtima wanga wakhala pansi. Amayi azitenga, azikulunga m'pepala, apatsa amalume: “Mukawapatse alamu alaweko, poti atsala kunyumba.”

Malangizo mpaka masana. Asamacheze ndi anyamata, asamabwereketse ndowa, azikumbukira kumene wachokera. Tadala wamwera tiyi mbatata, kukhitchini, chitseko chotseka. Sanandiyang'ane tsiku lonse.

Lamulungu

Katundu ali m'galimoto. Ndikutsegula chitini kuti mwana amwe tiyi asananyamuke. Mulibe buledi, muli zakumapeto zokhazokha, za sabata yonse, zouma gwa. Chimene ndakhala ndikuchibisa pa wadiropu ndi m'galimoto chimadzikonzekera chokha m'chitini, chifukwa palibe amene amachifuna.

Dzira latsala limodzi. Mkaka ndawonjezera madzi. Mafuta ndi adzulo. Zatuluka zakuda mbali imodzi, zopindika ngati mapale. Ndakulunga, ndamupatsira m'galimoto geti litatsekedwa, kuopa alendo.

Akudya mpaka tatuluka m'tauni. Ndikufunsa ngati zikufanana ndi za kwa a Chisomo.

“Ayi. Wawo ndi wofewa. Uyu akupweteka m'kamwa.”

Watenga china.

Pageti la sukulu mayi oyang'anira atsikana akusecha zikwama, zophikaphika salola. Chomaliza wadyera pomwepo, chiimire, ndowa ili m'manja. Wapukuta shuga pa siketi yatsopano.

“Tsiku loona ana amalola,” akutero, maso ali kwina. “Muyambiretu kuumitsa, adadi. Inu zimakutengerani nthawi.”

Mawu ambiri chonchi ndinawamva kalekale. Walowa osatembenuka.

Pobwerera ndagula buledi, ndamuika pamwamba pa firiji. M'nyumba muli zii. Amayi akuti akhala kaye sabata ina, ndipo ateleka kale madzi a tiyi.