Thobwa la a injiniya

Pasiling'i ya chipinda chodyera cha apongozi anga ku Midland, dera lina la mzinda wa Perth, pali banga lalikulu ngati lichero. Analipaka penti kawiri koma limatulukabe. Alendo akafunsa, banja lonse limangotembenuka n'kundiyang'ana ine.

Ntchito yanga ndi ya uinjiniya ku zitsime za gasi za m'nyanja, kumpoto uko. Masabata awiri ndimakhala komweko, awiri ena ndimapuma kuno ku Perth, kunja kwa dziko lathu. Chomwe amandilembera n'chimodzi: kuyang'anira pulesha, mphamvu imene gasi amakankha nayo kuchokera pansi pa nthaka. Pobowola chitsime timathiramo matope olemera kuti amupanikize. Matope akapepuka, gasi amakwera, ndipo ukachedwa kuona zizindikiro, chitsime chimaphulika. Zimenezi ndimazidziwa ngati dzina langa, ndipo ndimakonda kuzifotokoza ngakhale kwa munthu amene sanafunse.

Nthawi imeneyo ndinali pachibwenzi ndi Tamanda, namwino wa ku Midland. Chinatsala n'chakuti bambo ake, a Mbewe, mkulu wa mpingo wosaseka wamba, alole kuti ankhoswe anga abwere. Anandiitanira chakudya chamasana Lamulungu lina mu Januwale. Tamanda anali atandiuzapo kuti bambo akewo amadandaula kuti zaka zonsezi chichokereni kwathu sanalaweko thobwa lenileni. Ndinati basi, khomo ndalipeza.

Chimera cha mawere ndinachipeza m'sitolo ina ya zakudya za kwathu. Kaphikidwe ndinafunsa achemwali anga ku Lilongwe pa foni (ine amene ndinali ndisanaphikepo ngakhale phala losapserera). Anandifotokozera zonse, pomaliza n'kunena kuti, "Ukathira m'mabotolo usamange kwambiri, ndipo usalisiye potentha. Wamva?"

"Achemwali, mukuuza ine za pulesha?"

Thobwa linapsa Lachitatu, lokoma ndithu. Ndinathiramo shuga wambiri, n'kudzaza mabotolo atatu akuluakulu a zoziziritsa kukhosi mpaka m'khosi. Zitsekerero ndinazimanga ndi mphamvu zanga zonse, poti kuntchito chinthu chodontha ndi mlandu. Firiji ya nyumba yomwe tinkakhala anthu anayi ku Bentley, konkuno ku Perth, inali yodzaza ndi miphika ya anzanga, ndiye mabotolo ndinawaika m'galaja. Amene mukulidziwa dzuwa la Perth mu Januwale mwaona kale kumene nkhaniyi ikupita. Ine sindinaone.

Lamulungu ndinawaponya m'buti ya galimoto, ndipo ulendo wonse ndinkawamva akugubuduzika pakona iliyonse. Nditafika ndinanyamula awiri. Anali olimba ngati mwala, ndipo limodzi linali litatupa kunsi moti linkakana kuima patebulo. Kuntchito chizindikiro chotere ndikanaimitsa nacho anthu onse. Apa ndinangoliyedzamiritsa ku mbale ya saladi.

A Mbewe anali atavala malaya oyera ndi tayi, chifukwa chakumadzulo ankayenera kukatsogolera mapemphero a m'dera kunyumba kwa Mkhristu wina. Titadya, anandifunsa kuti, "Kodi ntchito yanuyo si yoopsa? Mwana wanga sindikufuna akhale wamasiye."

Apa ndiye ndinamasuka. Ndinafotokoza za matope, za gasi, za zotsekera chitsime. "Bambo, chitsime sichiphulika mwadzidzidzi," ndinatero ndikugogoda patebulo. "Chimayamba chachenjeza. Ngozi zimagwera anthu osamva ndi osaona."

Anagwedeza mutu, ndipo ndinaona kuti ndawafika pamtima. Kenako ndinalengeza za thobwa, nkhope yawo n'kuwala.

Mayi a Tamanda anakhudza botolo lija ndi chala. "Bwanji mukatsegulire panja limeneli?"

"Musadandaule, mayi. Timatulutsa mpweya pang'onopang'ono. Ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku."

Ndinapotokola chitsekerero pang'ono chabe. Linayamba kulira, tsiii, ine n'kumwetulira ngati mphunzitsi. Kenako phuu! Chitsekerero sindinachione kumene chinalowera. Thobwa linakwera molunjika mpaka kusiling'i, n'kuyamba kutigwera ngati mvula. Ndinayesa kutseka ndi chikhatho (musadzayese), ndipo m'malo mopita kumwamba linathamangira cham'mbali, pachifuwa pa a Mbewe penipeni. Pothawa ndinagunda botolo lachiwiri ndi chigongono. Linagwa pansi, n'kuphulika, n'kumazungulira pansi pa tebulo likutsuka mapazi a aliyense.

Madontho ankagwabe kuchokera kumwamba. Kenako fungo linatipeza. Masiku anayi m'galaja muja, thobwa langa linali litasiya kalekale kukhala thobwa. Mkulu wa mpingo, munthu amene sanalawepo mowa chibadwire, anali kununkha masese kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo, ndipo mumtima ndinatsanzikana naye Tamanda. Iye anali atabisa nkhope m'kansalu kopukutira mbale, mapewa akugwedezeka. Ndinkaganiza kuti akulira.

A Mbewe anavula magalasi, n'kuwapukuta mosafulumira, n'kuwavalanso.

"A injiniya," anatero, "kunyanja kuja mumagwira nokha, kapena pali ena okuyang'anirani?"

"Alipo ambiri, bambo."

"Mulungu alemekezeke."

Anapita kukasamba. Ine ndinagwada n'kuyamba kukolopa, kenako ndinakwera pampando kupukuta siling'i, ndikudikira kuti andionetse khomo. Atatuluka ndi malaya ena, anaima n'kundiyang'ana, chikolopa chili m'manja mwanga, mawere ali m'tsitsi.

"Zaka zonsezi palibe amene anaganizapo zondiphikira thobwa," anatero. "Ankhoswe anu abwere. Koma muwauze abwere chimanjamanja."

Ndinabwerera ku Bentley ndikuimba nyimbo, ndikulonjeza mumtima kuti kuyambira lero ndizimva za achemwali, ndiziona zizindikiro, ndizidzichepetsa. Ndinali ndikulonjezabe nditaima pa maloboti, dzuwa likuswa mtengo, pamene ndinamva phuu! kumbuyo kwa galimoto.

Mabotolo aja anali atatu.