Nambala ya Injini ya Malemu Bambo

Lolemba
Ndalumbira pabawo anthu akumva: Lamulungu likubwerali, tikatuluka m'tchalitchi, a Barnaba a ku Khuyu adzameza mawu awo. Akuti injini ili pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Yofu ndi ya pampu ya madzi. Pampu! Chilumba chonse chikudziwa kuti malemu bambo ankayendetsa galimoto yampikisano ku Bulawayo, yofiira, ya mipando iwiri, yopanda denga. Inakanika kukwera sitima, ndiye anangobwera ndi injini yake. Koma a Barnaba akuti, "Ine kumgodi ndinkagona ndi mapampu, ndimawadziwa ndi fungo lomwe." Zikundiwawa. Wakufa sadziyankhira.

Lachiwiri
Zimene ndachotsa pa injini: makaka a amayi, nkhuku yofungatira (yandijompha), ndi nkhwangwa ija tinkati anaba anansi. Pambali pali kachitsulo kopyapyala kokhomeredwa. Nambala ili pamenepo, koma yakwiririka ndi litsiro.
Ndakwera pathanthwe kusaka netiweki, foni yagwira ya kutsidya kwa nyanja, ikundipatsa moni wa Chipwitikizi. Kenako ndamupeza msuweni wanga Lusiya, amene amagwira ntchito pagalaja ku Joni. Akuti manambala awiri oyamba ndi kukula kwa injini, ndipo chilembo chotsatira chimanena chimene inkayendetsa, kaya galimoto, lole kapena pampu. Basi? Ntchito ya tsiku limodzi iyi!

Lachitatu
Parafini, mandimu, mswachi wanga. Watuluka 1. Winayo ndi 8 ndikatsinzina diso lamanzere, ndi 3 ndikatsinzina lamanja. Chilembo chenichenicho chikubisalabe. Mano ndikutsuka ndi chala.

Lachinayi
Lusiya akuti ndiike pepala pakachitsulo, ndikhule ndi pensulo. Ndakhula, patuluka chinthu chonga kansomba, ndajambula ndi foni, ndatumiza. Yankho lake: "Nanga usipa ukulowa bwanji pankhaniyi?"
Anthu ayamba kubwera kudzandithandiza. Wina akuona 7. Mayi wina wa kwaya akuona nambala ya nyimbo ya maliro, mpaka wayamba kuimba. Ndabwereka magalasi a amayi, tsopano mitengo ya mango ndikuiona iwiri. Uthenga wochokera ku Khuyu: a Barnaba asita kale jekete.

Lachisanu
Theka la chilembo latuluka. Lusiya akuti chagalimoto ndi chozungulira, chapampu chili ndi mwendo wowongoka. Ine ndikuona mwendo wowongoka. Ayi, kungokandika chabe. Nkhuku ija ili ndi zikhadabo zoipa. Ndikuyang'ananso, mwendo uli pomwepo, chilili!
Amayi aima kumbuyo kwanga nthawi yaitali. "Ukuona chiyani?" Ndikuti sizikuoneka bwino. "Eya," akutero, n'kumapita.

Loweruka
Ulendo wapansi mpaka ku Mbungo kukabwereka galasi lokulitsa zinthu kwa aphunzitsi opuma. Mwina mwendowo upindika ukakula.
Ndabwerako, mayo ine! Injini ikuwala mpaka maso kuwawa. Amayi ndi anzawo awiri aikwecha ndi mchenga ndi phulusa, monga amachitira mapoto kukamabwera alendo. Pakachitsulo paja ndiye alimbikirapo zedi. Palibe 1, palibe 8, palibe mwendo. Ndikungodziona nkhope, kukamwa kuli yasa!
Amayi akuti, "Mawa kukubwera anthu. Umafuna aone chauve, azinena ine?"
Anzawo akudikira kuti ndithokoze. Ndathokoza.

Lamulungu
A Barnaba afika ndi jekete lawo, anthu pambuyo. Agwada, atenga galasi, akuona diso lawo lomwe. Anunkhiza, akumva phulusa. "Ndi pampu basi," akutero, koma mawu alibe mphamvu. Ena akuti pampu singawale chotere. Palibe wameza mawu, aliyense wapita ndi ake.
Anthu atabalalika ndawafunsa amayi ngati galimotoyo anaionapo ndi maso awo. Sakutembenuka, akupukuta injini ndi nsonga ya chitenje.
"Munthu anawoloka nyanja yonseyi ndi chitsulo cholemera chonchi, kuti anzake azimuwerengera. Uwasiye bambo ako ndi galimoto yawo."
Ndawasiya.